Limba la amphaka: linaliko ndithu kapena ndi nkhambakamwa?

Mphunzitsi wina wa kwaya anandilembera imelo sabata yatha. Akuti anaona chithunzi pa Facebook: bokosi lalitali, mitu ya amphaka itasuzumira m'mabowo motsatizana, munthu ali chikhalire akudina makiyi ngati akuimba limba la kutchalitchi. Funso lawo ndi ili: "Kodi chida chimenechi chinaliko, kapena tichiike m'gulu la zopeka? Mnzanga akuti ndi bodza lenileni, ine ndikuti ayi."

Aphunzitsi, chimene munaonacho Ajeremani amachitcha Katzenklavier, kutanthauza limba la amphaka. Mabuku akale amati amphaka ankasanjidwa malinga ndi mawu awo, kuyambira wa mawu okhuthala mpaka kamwana ka mawu opyapyala. Aliyense ankatsekeredwa m'kachipinda kake, mchira utatambasulidwa n'kulumikizidwa ku kiyi. Woimba akadina, chingwe chinkakoka mchira, kapena msomali unkabaya nsonga yake, mphaka n'kulira. Kulirako ndiye kunali nyimbo. Ndikamalemba izi thupi likuchita tsemwe, chifukwa palibe liwu ndi limodzi lomwe lotuluka m'bokosimo popanda nyama kumva ululu.

Umboni wolemera kuposa wonse ndi wa ku Brussels m'chaka cha 1549. Mfumu yaikulu Charles V inali mumzindawo pamodzi ndi mwana wake Philip, amene pambuyo pake anadzakhala Philip II wa ku Spain, ndipo anthu anawachitira mdipiti wotchuka wa Ommegang. Juan Cristóbal Calvete de Estrella, munthu wa ku Spain amene anatsagana ndi Philip pa ulendowo, anafotokoza za mdipitiwo m'buku lake lomwe linasindikizidwa ku Antwerp mu 1552. Iye akuti pa ngolo ina panali chimbalangondo chikuimba limba, ndipo m'malo mwa mapaipi munali amphaka amoyo, michira yawo itamangiriridwa ku makiyi ndi zingwe, nyama zina zikuvina.

Nkhaniyi sindiitaya msanga. Wolembayo anali paulendowo, malo akudziwika, chaka chikudziwika. Komanso anthu a ku Ulaya a nthawi imeneyo analibe chisoni ndi mphaka. Ku Ypres, m'dziko lomwe lero ndi Belgium, ankaponya amphaka amoyo kuchokera pansanja pa chikondwerero, ndipo mwambowo unapitirira mpaka 1817. Anthu otero sakanavutika mumtima kutsekera amphaka m'bokosi kuti khamu liseke. Koma taonani bwino ngoloyo. Chimbalangondo choimba limba ine ndimachiona ngati munthu wovala chikopa, monga zimakhalira pa zionetsero zoterezi. Ngati woimbayo anali wa sewero, ndiye kuti ngolo yonse inali sewero: phokoso, kukuwa kwa amphaka, anthu akugwa ndi phwete. Palibe amene anapita kumeneko kukamvetsera nyimbo.

Patadutsa zaka zana, nkhani inabweranso itavala malaya ena. Dzina limene mudzalipeze kawirikawiri ndi la Athanasius Kircher, wansembe wa chipani cha Ajezwiti amene analemba buku lalikulu la zoimbaimba, Musurgia Universalis, mu 1650. Wophunzira wake Gaspar Schott anajambulitsa limbalo m'buku lake la mu 1657. Pamenepa nkhani imati mwana wina wa mfumu ku Italy anagwidwa ndi chisoni chosatha, ndipo katswiri wina anamupangira limba la amphaka lamisomali, mwiniwake n'kuseka mpaka kuchira. Mwana wa mfumuyo alibe dzina. Katswiriyo alibe dzina. Mzinda sukutchulidwa. Inu mukudziwa mmene nkhani ya "mfumu ina ya dziko lina" imayambira: pamangosowa wovomera kuti tilitonse. Kircher anali wophunzira kwambiri, koma mabuku ake anadzaza ndi zinthu zimene anaona, zimene anangomva, ndi zimene anaganiza kuti zingatheke, zonse mumphika umodzi.

Ku France kuli nkhani inzake, yoti mfumu Louis XI inalamula wansembe wina kuti aipangire limba la nkhumba, nazonso zobayidwa kuti zilire. Nyama yasintha, mafupa a nkhani ndi omwewo.

Amene amandidabwitsa ndi Johann Christian Reil, dokotala wa ku Germany amene anayambitsa liwu limene lero amatchulira nthambi ya zachipatala yoona za matenda a maganizo. M'buku lake la mu 1803 analemba kuti wodwala amene maganizo ake sakhazikika pa chinthu chimodzi angathe kudzidzimutsidwa ataikidwa moyang'anizana ndi limba lotere, kuti aziona nkhope za amphaka pamene akulira. Anthu ambiri amasimba izi ngati kuti odwala anachiritsidwadi motero. Reil ankangopereka ganizo. Komabe zimandipweteka kuti munthu wofuna kuthandiza odwala anaona kuzunza nyama ngati mankhwala oyenera kuwalemba m'buku.

Tsopano ndilankhule nanu ngati munthu wodziwa manotsi. Chida choimbira chimafuna kuti kiyi imodzi izitulutsa liwu lomwelo nthawi zonse, ndipo izikhala chete ikapanda kukhudzidwa. Mphaka wopwetekedwa salira mofanana kawiri. Mantha akachuluka mawu amakwera, akatopa amasasa. Mnzake akakuwa, enawo sadikira kuti afikiridwe, onse amayamba kukuwa ndi kukanda bokosi. Mungawasanje bwanji m'mawa, pofika masana mndandanda wa mawu wasokonekera. Choncho bokosi lokhala ndi amphaka n'lotheka kulikhoma, mmisiri aliyense wa matabwa angalipange, koma limba la amphaka amoyo loimba nyimbo yozindikirika n'losatheka. Mwina n'chifukwa chake lilipo m'zithunzi ndi m'mabuku mokha, osati m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, kumene malimba enieni a zaka zomwezo akadalipo ndi mayina a amene anawapanga.

Ndiye ndani walondola pakati pa inu ndi mnzanuyo? Ngati akutanthauza kuti panalibe chida chotere chimene anthu ankaphunzira, kugula ndi kuimbira nyimbo, walondola. Koma liwu loti chopeka ine sindiligwiritsa ntchito pano. Chopeka ndi chimene wolemba wachipanga m'mutu mwake, owerenga akudziwa kuti ndi nthano. Calvete, Schott ndi Reil sankalemba nthano. Ankayembekeza kuti owerenga awakhulupirire, ndipo pa atatuwa Calvete ayenera kuti anaonadi ngolo ya amphaka olira. Ine ndingalembe chonchi: chida chosimbidwa, chimene mwina chinakhomedwapo ngati choseketsa pa chikondwerero, koma sichinakhalepo limba lenileni.

Limba la amphaka limene tili nalo umboni wosakayikitsa ndi la masiku ano. Henry Dagg, katswiri wa ku Britain wopanga zida zoimbira zachilendo, analiimba mu 2010 paphwando la ku nyumba yachifumu ya Clarence House mu London, pamaso pa Charles III wa ku Britain amene panthawiyo anali asanalowe ufumu. Amphaka ake anali zidole zolira zikafinyidwa, chilichonse chitachunidwa pa notsi yake, ndipo nyimbo inamveka bwinobwino mpaka Charles anaseka n'kupukuta misozi.