Funsani Tikuyankheni: Ndasanduka wa Mawamawa Kuno ku UK

FUNSO

Zikomo akonzi. Ndine mtsikana wa ku Dedza, ndipo ndinabwera ku Leeds mu Seputembala kudzachita digiri yachiwiri ya chaka chimodzi. Kumudzi ndinkakhoza bwino, koma kuno ndasanduka wa mawamawa. Ndili ndi maasayimenti awiri a mawu 3,000 iliyonse, ofunika kuperekedwa mu Januwale, koma sindinalembe ngakhale mzere umodzi. Ndikatsegula laputopu ndimangopezeka ndili pa WhatsApp kapena ndikuwodzera. Ndimagwiranso ganyu yosamalira okalamba, mashifiti awiri a usiku pa sabata. Kodi ndi ulesi umenewu?

Wodandaula, Leeds

YANKHO

Pepani achemwali. Umenewu si ulesi, ndipo ambiri amene amapita kukaphunzira ku UK amagwa m'mbuna yomweyi. Kwathu tinazolowera kuti tsiku lonse ladzaza ndi makalasi, aphunzitsi amapereka manotsi, ndipo mayeso akayandikira anzathu a ku hositelo amatikokera ku gulu lowerengera. Kumeneko mumalowa m'kalasi maola ochepa pa sabata, ena onse amakusiyirani osakufunsani. Koma musanyengeke nawo mpatawo. Digiri yanu ili ndi makirediti 180, ndipo kirediti imodzi amaiwerengera maola 10 a ntchito. Amenewo ndi maola 1,800 pa chaka, kutanthauza maola pafupifupi 35 pa sabata, ngati munthu wolembedwa ntchito.

Choyamba, siyani kulemba pa kalendala mawu akuti "kulemba asayimenti". Ntchito yotere ilibe poigwirira, n'chifukwa chake dzanja limathawira ku foni. Iduleni. Asayimenti ya mawu 3,000 mutha kuigawa chonchi: poyambira mawu 300, zigawo zinayi za mawu 600 chilichonse, pomalizira mawu 300. Tsono ntchito ya Lachiwiri ikhale yoti "chigawo chachiwiri, mawu 300, kuyambira 9 koloko mpaka 11 koloko, ku laibulale". Mukamalemba mawu 300 pa tsiku, masiku 10 zolemba zoyamba zatha. Musayambe ndi poyambira. Pamenepo mudzalembe komaliza, mutadziwa kale zimene mwanena m'katimo.

Msampha wina umagwira makamaka ophunzira akhama: kumangowerenga ndi kusonkhanitsa mapepala a kafukufuku, n'kumadziuza kuti simunakonzeke kulemba. Sankhani mapepala asanu ndi atatu kapena khumi pa mndandanda umene mphunzitsi anapereka. Pa lililonse werengani chidule, poyambira ndi pomalizira, kenako mutseke n'kulemba mizere itatu m'mawu anuanu: wolembayo akuti chiyani, umboni wake ndi wotani, inu mukugwirizana naye kapena ayi. Mizere imeneyo ndiyo njerwa za asayimenti yanu. Lembani pomwepo dzina la wolemba, chaka ndi tsamba, kapena muziike mu Zotero, pulogalamu yaulere. Amene amakopera ziganizo za eni usiku womaliza ndi amene Turnitin, pulogalamu yofufuza mawu okopera, imawaulula, ndipo mlandu wakuba nzeru za ena a yunivesite sauona mopepuka.

Ngati Chingelezi chikukumangani lilime, lembani kaye maganizo anu m'Chichewa pa kapepala, kenako muwasandutse. Zoyamba zituluke zokhotakhota, mudzawongola.

Za foni n'zachidule. Pa nthawi yowerenga ikhale m'chikwama, itazimitsidwa. Gwirani ntchito mphindi 25, mupume mphindi 5, ndipo mukatero kanayi mupume theka la ola. Abale kumudzi auzeni nthawi yokuimbirani. M'nyengo yozizira Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri, ndiye 6 koloko madzulo kwanuko ndi 8 koloko usiku ku Dedza, nthawi yabwino yocheza ndi amayi.

Mdima nawonso musaupeputse. Mu Disembala ku Leeds kumacha itadutsa 8 koloko ndipo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Thupi lozolowera dzuwa la kwathu limayesa kuti kwada, limafuna bulangete. Choncho ntchito yolemetsa mutu muziigwira m'mawa, masana mutuluke panja mphindi 20, ndipo musawerengere pabedi m'chipinda chofunda. Ngati kugona kwambiri, kulira ndi kusafuna chakudya zapitirira masabata awiri, kaonaneni ndi dokotala amene munalembetsako kapena alangizi a pa yunivesite. Ophunzira salipira kwa alangiziwo.

Tsono za ganyuyo, apa tikupempheni mumvetsetse. Viza ya wophunzira digiri imalola maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, kuwerenga kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu, ndipo simungabweze maola a sabata ino ndi sabata yamawa. Ngati mashifiti anu ndi a maola 12, awiri ndi maola 24, mwapyola kale malire, ndipo zimenezi zingakuwonongereni viza. Komanso shifiti imodzi ya usiku imadya masiku awiri, chifukwa m'mawa mwake mutu sugwira. Pemphani a masana kapena a Loweruka.

Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo kumeneko kwawukwawu wake ndi malikisi. Mayunivesite ambiri amadula malikisi pa tsiku lililonse lochedwa, ena asanu pa tsiku, pomwe pokhozera digiri yachiwiri nthawi zambiri ndi 50. Onani lamulo la dipatimenti yanu m'buku la ophunzira lero lomwe. Ngati mwadwala kapena kwagwa maliro kumudzi, pemphani kuti akuwonjezereni masiku tsiku loperekera lisanafike, muli ndi umboni m'manja. Pa kalendala yanu lembani tsiku loperekera masiku atatu tsiku lenileni lisanafike, kuti intaneti kapena laputopu ikavuta musagwire njakata. Ndipo sabata ino lemberani mphunzitsi wa phunzirolo, mupemphe mphindi 15 pa nthawi imene amaonana ndi ophunzira, mupite ndi tsamba limodzi losonyeza mmene mwagawira asayimenti yoyamba.