Apongozi andisungira mwanamphepo, akutinso ndisakalire ku leba

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mtsikana woyembekezera koyamba, ali ndi miyezi 8. Akuti ku chisamba anamulangiza kuti mkazi weniweni salira ku leba, ukalira wachititsa manyazi mtundu wonse, ndiye apongozi ake amusungira kale mwanamphepo woti adzamwe matenda akangoyamba kuti achire msanga. Akufunsa kuti kodi ululuwo umakhala wotani, nanga mankhwalawo amwe kapena ayi.

Achemwali, mwanamphepoyo musamwe, olo supuni imodzi. Ndifotokoze chifukwa chake kuti musangoti ndamva kwa munthu wa pa intaneti. Matenda akayamba chiberekero chimauma kenako chimamasuka, kuuma kenako kumasuka, ndipo mpata wa pakatiwo ndi pamene magazi amafika bwino kwa mwana ndiye amapezako mpweya. Mwanamphepo amachititsa kuti mimba iziuma mwamphamvu mosalekeza, mpata uja osaonekanso, pamene mwina njira sinatseguke kapena mwana wagona chopingasa kapenanso mutu ndi waukulu sungadutse. Zikatero mwana amatopa, amachita chimbudzi ali m'mimba momwemo, ndipo choopsa kwambiri chiberekero chimatha kuphulika, magazi ake si a masewera. Wina anena kuti nanga ku chipatala sapereka oxytocin wofulumizitsa? Eya amapereka, koma pa dripu, akuwerenga madontho, akumvetsera mtima wa mwana, zikavuta amangotseka. Zimene mwameza kale muphala mutseka bwanji? Ndipo ngati zingachitike kuti mwamwetsedwa, auzeni anamwino pofika pomwe, olo akalipe, bola adziwe chomwe akulimbana nacho.

Apongozi anuwo si mfiti ayi. Iwo anaberekera nthawi imene matenda akatalika mlandu umagwera mkazi, amamuzinga azimayi kuti ulula amuna amene unayenda nawo, ndiye kuchira msanga kunali kudziteteza. Zakuulula amunazo ndi bodza lenileni, mwana amachedwa chifukwa cha kagonedwe kake, kuchepa kwa njira kapena mimba kuuma mofooka, basi. Musakangane nawo pakhomo, atengeni ulendo wotsatira wa ku sikelo akamve kwa anamwino okha, kapena bambo a kunyumba ndi amene alankhule ndi mayi awo.

Tsopano za ululu. Sindikunamizani kuti ndi pang'ono. Umayamba ngati kupweteka kwa kumwezi, kumsana ndi m'munsi mwa mchombo, umabwera nkupita, kenako umayamba kubwera pafupipafupi komanso mwamphamvu mpaka khomo la chiberekero litatseguka masentimita 10. Mimba yoyamba imatenga maola ambiri ndithu, makamaka koyambirira, koma mukadutsa masentimita 5 nthawi zambiri sizipitirira maola 12. Chimene anthu sakuuzani nchakuti kuuma kulikonse kumakhala pafupifupi mphindi imodzi yokha kenako mumapumako, ena mpaka amawodzera pakatipo. Komanso matupi ndi osiyana, wina amangobuula, wina amaitana mayi ake amene anamwalira kalekale, onsewo nkuchira bwinobwino.

Ndiye lirani ngati kulira kwabwera. Kulira sikupha mwana, sikutseka njira, ndipo anamwino amva zambiri kuposa zanuzo. Pamalangizo a ku chisambawo chanzeru chilipo chimodzi chokha, kukuwa kuyambira m'mawa mpaka usiku kumatopetsa, nthawi yotchima ikakwana mphamvu zatha. Ndipo musatchime anamwino asananene, khomo likhoza kutupa kapena kung'ambika. Chimene ine chimandinyansa ndi chakuti mtsikana amaluma chitenje kubisa ululu kuopa kusekedwa, pamene ululu wina ndi uthenga, monga m'mimba kupweteka osalekeza ngakhale pang'ono, umenewo ukufunika kunena mokweza.

Zothandiza zilipo ndipo nzaulere. Yendayendani m'malo mongogona chagada, mukatopa gonerani kumanzere, gadiyani azikusisitani kumunsi kwa msana mwamphamvu, muzikoka mpweya ndi mphuno nkutulutsa pang'onopang'ono ndi pakamwa, imwani madzi, tiyi kapena thobwa, kodzani pafupipafupi chifukwa chikhodzodzo chodzadza chimatsekereza mutu wa mwana. Jakisoni wochepetsa ululu monga pethidine amapezeka nthawi zina, kufunsa si mlandu, koma wa pamsana uja mumaona pa YouTube musamuyembekezere m'zipatala zambiri za boma. Gadiyani sankhani amene mumamasuka naye, osati amene akathire zinthu mu fulasiki. M'ma wodi ambiri saloledwa kulowa mkati chifukwa cha kuchepa kwa malo, ndiye funsiranitu ku sikelo.

Anamwino ena amakalipa, tisabise. Nthawi zambiri amakhala mmodzi pa azimayi angapo usiku wonse, komabe kumenya kapena kutukwana nkosaloledwa, mukhoza kukadandaula kwa ombudsman, wolandira madandaulo wa pachipatala.

Musadikire kunyumba mukaona magazi, madzi akatuluka makamaka obiriwira, mutu waukulu pamodzi ndi kusaona bwino, kukomoka, kapena mwana akasiya kugunda. Ngati kwanu nkutali pitani mukadikirire ku chipatala komweko masiku akayandikira, za kufuna kabaza pakati pa usiku nthawi ya mvula ndi zina. Mukakhala ndi funso imbani ku Chipatala cha pa Foni, kumene amalangiza zaumoyo pafoni.

Simunafunse za mwana koma ndikudziwa kuti malangizo a kunyumba akafikanso kumeneko. Akangobadwa amupukute, amugoneke pachifuwa panu khungu ndi khungu, chipewa kumutu, chitenje pamwamba. Ayamwe ola loyamba lisanathe, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja musafinyire pansi, ndi umene uli ndi chitetezo. Kusamba adikire maola 24, mwana wakhanda amazizidwa msanga kwambiri. Pamchombo osapaka phulusa, mafuta kaya zitsamba kuti ugwe msanga muchoke m'chikuta, ugwa wokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, chopakapo ndi mankhwala opha majeremusi otchedwa chlorhexidine ngati akupatsani ku chipatala. Pakafiira, pakatuluka mafinya, mwana akatentha thupi kapena akakana bere, bwererani naye tsiku lomwelo.