Anapita kukazulitsa dzino, akufunsidwa za mkonono

Mayi wina wa ku Kasungu wanditumizira funso pa imelo. Akuti bambo a kunyumba kwawo, omwe amayendetsa minibasi pakati pa Kasungu ndi Lilongwe, anapita kukazulitsa dzino. Dokotala asanagwire n'komwe chozulira, anayamba kuwafunsa ngati amaliza mkonono, ngati amasinza masana, mpaka kuwayeza khosi ndi tepi. Bambowo anabwerako atakhumudwa. Mayiwa akufunsa kuti: "Mkonono ndi mano zikugwirizana pati?"

Mayi, dokotalayo sanasochere ayi. Pali matenda otchedwa sleep apnea. Munthu akagona, minofu ya kukhosi imalefuka, lilime limagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya. Amasiya kupuma kwa masekondi 10 kapena kuposa, kenako n'kudzidzimuka ngati watsamwa, mkonono n'kuyambiranso. Zikamachitika kasanu pa ola ndiye kuti vuto lilipo, zikafika ka 30 ndiye kuti lakula. Mwini wake sadziwa kanthu. Amangodzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwa, tulo tisanathe m'maso.

Nanga wa mano zikumukhudza bwanji? Ndi iye amene amasuzumira m'kamwa ndi nyali. Amaona mano operepeseka chifukwa chokukuta usiku, lilime lalikulu lokhala ndi zidindo za mano m'mbali mwake, kukhosi kothina, kapena chibwano cham'munsi chobwerera m'mbuyo. Mu 2017 bungwe la madokotala a mano ku America, lotchedwa American Dental Association, linalimbikitsa madokotala a mano kuti azifufuza vutoli. Mafunso amene bambo anafunsidwa akufanana ndi aja asanu ndi atatu otchedwa STOP-BANG: mkonono, kutopa masana, kusiya kupuma m'tulo, BP, kunenepa kwambiri, zaka zoposa 50, khosi loposa masentimita 40, ndi kukhala mwamuna. Munthu akayankha "eya" katatu, ayenera kupimidwa bwinobwino, ndipo chotsimikizira ndi kumuyeza ali m'tulo.

Koma limodzi mwa mafunsowa bambo sangaliyankhe okha. Amene amamva mkonono ukuduka mwadzidzidzi, m'chipinda n'kukhala zii, ndinu. Kwathu kuno timatenga mkonono ngati umboni wakuti munthu watopa ndi ntchito, n'chifukwa chake timangomugwedeza kuti atembenuke. Ine zimandidetsa nkhawa, pakuti matendawa amayendera limodzi ndi BP yosamva mankhwala, sitiroko ndi shuga. Ndiye taganizirani munthu wosagona mokwanira ali pa chiwongolero mu msewu wa M1, anthu adzaza m'minibasi.

Usiku uno muwajambule mawu pa foni kwa mphindi zingapo, mawa muwayatsire mwaulemu kuti adzimvere okha, popanda ana. Kenako mupitire limodzi kuchipatala cha boma cha Kasungu akawayeze BP ndi shuga, mukafotokoze zimene mumamva. Chithandizo chilipo: makina a CPAP opopera mpweya m'mphuno, kapena kachipangizo kovala m'kamwa kokankhira chibwano kutsogolo, komwe amakonza ndi a mano omwewo. Podikira zimenezo, azigonera chammbali osati chagada, mowa wa madzulo ausiye, ndipo tulo tikawagwira pa msewu aime pambali ngakhale kondakitala adandaule.