Zoti mapilisi a polyphenol achiza mtima wa amayi

Achemwali omwe mwafunsa za amayi anu kuti mtima wawo sukupopa bwino magazi, miyendo ikutupa, ndiye wina akukugulitsani makapisozi a polyphenol akuti asiye mankhwala a kuchipatala, chonde asasiye. Bambo anga anadwala matenda omwewa, ndinawasamala ine, nde zimenezi ndinazifufuza mpaka mutu kuwawa.

Ma polyphenol si bodza ayi, alipodi. Ndi tinthu tachilengedwe topezeka muzomera, kuwawira kuja mumamva mu tiyi wa ku Thyolo mukamwa opanda shuga ndi omwewo, mulinso mu chidede, malambe, nyemba, koko, mphesa, ngakhale kakhungu kofiira ka mtedza kaja timakauluza tikakazinga. Amathandiza mitsempha ya magazi kumasukako ndipo BP imatha kutsikako pang'ono. Koma pang'ono ndithu. Mtima woti wafooka kale ndi nkhani ina. Ku Europe anayesa mankhwala ochokera ku mtengo wina wotchedwa hawthorn, omwe ali ndi ma polyphenol, pa odwala mtima oposa 2,600, zotsatira zinatuluka 2008, ndipo amene amamwa ndi amene amapatsidwa mapilisi opanda kanthu sanasiyane kwenikweni, komanso onsewo amamwabe mankhwala awo a kuchipatala, palibe anasiyitsidwa.

Chomwe chimachotsa madzi mmiyendo ndi mmapapo ndi furosemide uja okodzetsa, ndipo enalapril, carvedilol ndi spironolactone ndi amene amatalikitsa moyo. Bambo anasiya okodzetsa sabata imodzi ati atopa kudzuka usiku, tinathamanga nawo akubanika osatha ngakhale kugona chagada.

Chinanso anthu sanena, tiyi amatchinga ayironi wa muchakudya kulowa mthupi, pomwe odwala mtima ambiri ayironi amakhala wochepa kale, nde asamamwe tiyi pompo akudya nsima, padutse kaye ola. Chidede naye amatsitsa BP, mukaphatikiza ndi enalapril munthu atha kumva chizungulire, komanso ngati adokotala anawapatsa mulingo wa madzi patsiku ndiye tiyi ndi chidede zimawerengedwa momwemo. Makapisozi a green tea ochuluka mphamvu anawonongapo anthu chiwindi, zinalembedwa izi.

Ndalama yamakapisoziyo gulani sikelo. Amayiwo muziwayeza mmawa uliwonse, akakwera 2 kg mmasiku atatu amenewo ndi madzi, pitani nawo osadikira tsiku la kiliniki. Mchere chepetsani, ndi timakyubu tokometsera ndiwo tija muli mchere wambiri. Botolo lamakapisozilo ngati mwagula kale mulitenge mukawaonetse adokotala asanayambe kumwa.