Pitani mukaione ndi maso anu musanaitane lole

Achemwali amene mwafunsa zosiya nyumba yaikulu n'kulowa yaing'ono mukapuma pantchito, ndangofika pamene mwati mphwanu ndi amene akukuyang'anirirani zomanga, mtima wanga wachita phaa. Ndasiya ndiwo pamoto kuti ndikuyankheni.

Ine ndinapuma mu 2023 nditakwanitsa zaka 60. Ndinali namwino, malo omaliza ku Kasungu, m'nyumba ya kuntchito ya zipinda zogona zitatu. Ukakhalitsa m'nyumba yotero umaiwala kuti ndi ya eni. Mapeyala ndi mandimu a pamenepo ndinabzala ndine, pano akudya ena. Kalata itabwera yoti pakatha miyezi itatu ndituluke sindinatekeseke, chifukwa tinali ndi puloti ku Lunzu yomwe tinagula ndi malemu amuna anga mu 2016. Ndinati zipinda ziwiri zikwana, ana anakula, ndatsala ndi mdzukulu mmodzi, ndizisesa zipinda zogona mphemvu chifukwa chiyani. Woyang'anira anali mlamu wanga, mng'ono wawo weniweni wa malemuwo, bere limodzi.

Ndalama ndinkatumiza pa Mpamba mwezi ndi mwezi. Ya malata, matabwa ndi mawindo ndinatumiza yonse pakamodzi mu Ogasiti, ngongole ya ku SACCO imeneyo, gratuity, ndalama imene amakupatsa ukapuma pantchito, ndisanaione n'komwe. Iwo ankanditumizira zithunzi pa WhatsApp, denga likuwala, ine n'kumaonetsa anzanga ku wodi monyadira. Ndikati ndibwere ndidzaone, amvekere alamu musaononge thiransipoti, ndalama imeneyo tigulire simenti. Ine n'kumati koma Mulungu anandipatsa mlamu.

Tinanyamuka Loweruka lina mu Disembala m'mamawa, lole yodzaza mpaka pamwamba, ine kutsogolo ndi dalaivala, mdzukulu pamiyendo. Lilongwe, Dedza, Ntcheu, bwinobwino. Titangowoloka mlatho wa pa Zalewa kumwamba kunada bii. Ndikuimba foni ya alamu, sikupezeka. Ndinati mwina ndi netiweki. Tinafika cha m'ma 5 koloko mvula itayamba, tinakhota kusiya M1, lole n'kumaterereka m'matope. Nditaona nyumbayo ndinauza dalaivala kuti talakwitsa njira.

Malata anali pa chipinda chimodzi chokha, cha kumsewu, mbali imene ankajambula ija. Pabalaza ndi chipinda chinacho kumwamba kuli pululu, mitanda yokha itayamba kale kuda ndi mvula. Pansi dothi, udzu utamera pakona. Mawindo mabowo chabe, limodzi atatseka ndi katoni. Chimbudzi dzenje lofika m'chiuno, lodzaza madzi, achule ali m'menemo. Ndinaima pakati pa balaza langa ambulera ili m'manja, m'nyumba mwangamwanga, madzi akuyenda m'mapazi. Mdzukulu anandifunsa kuti agogo, tigona pati? Pakamwa panga panauma gwa.

Dalaivala naye anali ndi ulendo wake, akuti mayi ine mawa ndili ndi katundu wina ku Limbe, tsitsani. Ndinamupempha mpaka kugwada, anakana. Anyamata aganyu anatsitsa zonse pabwalo mumdima, tikuunika ndi tochi ya foni. Sofa yanga ya anthu asanu ndi awiri inakana kulowa, chitseko chopapatiza, anaitembenuza uku ndi uku mpaka mwendo umodzi kuthyoka. Kabati ya magalasi imene ndinaisamala zaka 20, yosungiramo mbale za alendo, inatsetsereka m'manja mwawo, ndinangomva phwaa. Sindinalire pamenepo. Ndinalira m'mawa nditatsegula sutikesi ya malemu: masuti awiri, Baibulo lawo lolembalemba m'mbali, zithunzi za ukwati wathu zitamatirirana, ukati usiyanitse nkhope n'kumatsalira pa chinzake. Usiku umenewo tinagona chokhala pamatilesi onyowa, filiji, kuka ndi matumba a chimanga zitatipanikiza m'kachipinda kamodzi kaja. Mayi wina woyandikana naye, amene sankandidziwa n'komwe, ndi amene anabwera ndi lona komanso tiyi m'fulasiki.

Alamu anatulukira Lachiwiri. Atakwera njinga yamoto yatsopano, pulasitiki ikadali pampando. Akuti alamu zinthu zinakwera, kwacha inagwa, simunamve? Inde inagwa, tonse tikudziwa, mu Novembala 2023 anaigwetsa ndi 44 peresenti ndipo simenti ndi malata zinakwera nthawi yomweyo. Koma ine ndalama ndinatumiza mu Ogasiti! Miyezi itatu kwacha isanagwe! Akanagula nthawi imene ija bwenzi denga lonse litatha. Ndiye chifukwa cha iwo ndinakagula malata omwewo kachiwiri pamtengo watsopano, uku ndikubweza ngongole ya malata oyamba. Njingayo anapatsa mnyamata kuti aziyendetsa kabaza, mpaka lero imandidutsa pamsewu, nthawi zina mnyamatayo amandiimira n'kufunsa ngati ndikukwera. Ndikwere malata anga, ndilipirenso?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi akubanja. Tinakhala pansi, akuluakulu akuti mayi musapite nazo kupolisi, mutichititsa manyazi, ameneyu ndi bambo wa ana anu tsopano. Bambo wa ana anga amene anagoneka mdzukulu wa mkulu wake pamvula? Analonjeza pamaso pa onse kuti azibweza pang'onopang'ono. Anabweretsa nkhuku imodzi. Imodzi. Kutchalitchi amakhala kutsogolo, amaimba mokweza kuposa aliyense.

Ndiye achemwali, kusamukako samukani, musaope. Pano nyumba inatha ndipo ndimaikonda. Ndimakolopa mphindi khumi basi, mayunitsi a ESCOM amene kale ankatha sabata ziwiri pano amandifikitsa kumapeto a mwezi, kuseri ndili ndi kadimba ka mpiru ndi bonongwe. Chipatala cha Mlambe chili pafupi, BP ikavuta kwambiri ndimakwera minibasi kupita ku Queens. Zimenezi muziyang'ane posankha malo, pa msinkhu wathu uno chipatala, madzi ndi msewu wodutsika nthawi ya dzinja ndi zofunika kuposa kukongola kwa nyumba. Mapepala a puloti akhale m'dzina lanu, kalata ya amfumu yokha musagone nayo tulo, yambani kulondola zolembetsa malowo mukadali ndi mphamvu zoyenda m'maofesi. Ndipo musawerengere gratuity pomalizira nyumba, simabwera tsiku limene mwatsanzika kuntchito.

Koma wachibale pa ndalama ayi. Kwerani basi mwezi uliwonse, kagwireni khoma ndi dzanja lanu, zungulirani mbali zonse zinayi, malata mukagule nokha ndipo lisiti musunge. Ngakhale ndikutero, pamalopo pamafunikabe munthu wanu wogona pomwepo, chifukwa amisiri ukawasiya okha matumba a simenti amamera miyendo, ndiye mphwanuyo musamuchotse, mwina wanuyo ndi wabwino. Kungoti ndalama asagwire. Kaya mupanga bwanji, poti ukamuuza choncho adzati simukundikhulupirira.

Chinanso, musachepetse kwambiri ngati ine. Ndinati ndikhala ndi mdzukulu mmodzi, pano ndili nawo atatu, mwana wanga wamkazi ukwati unatha anabwerera, wina ali ku Johannesburg anangonditumizira ake. Pa Khirisimasi anyamata amagona pabalaza, miyendo pansi pa tebulo. Ikani maziko a chipinda chachitatu ngakhale musachimange lero. Chitseko cha pabalaza muyeze ndi tepi, muyezenso mipando yanu.

Katundu gulitsani mukadali komweko, kumene anthu akukudziwani ndipo angakupatseni mtengo wabwino, makamaka kuka wamkulu, kuno ndimaphikira pambaula. Osanyamula zinthu chifukwa cha chisoni. Ine sofa ija ikadali pakhonde, yofundira lona, mwendo tinaika njerwa ziwiri. Anthu atatu anabwera kudzaifuna ndinawabweza, malemu ankakhala mbali ya kumanzere pomvera nkhani za 7 koloko. Ndiwo zanga zapserera.