Funso la masamu: kodi bwalo lija limasanduka mpira?

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Chipata, ndipo madzulo ndimadziphunzitsa ndekha za ma complex number, nambala zolembedwa ngati a + bi, pamene i² = −1. Ndamva bwino kuti power series ya variable imodzi, z (kuphatikiza kosatha monga 1 + z + z² + ...), imachita converge, kutanthauza kuti kuphatikiza kwake kumafika pa nambala imodzi, mkati mwa bwalo lozungulira. Nanga ma variable akakhala awiri, z ndi w, kodi bwalolo limangosanduka mpira? Mphunzitsi, Kapata.

YANKHO: Aphunzitsi, ambiri amaganiza choncho poyamba, koma yankho ndi lakuti ayi, ndipo mukhoza kudzionera nokha ndi choko pabolodi.

Lembani 1 + zw + z²w² + z³w³ mpaka kalekale. Imeneyi ndi geometric series yomwe ija mumaphunzitsa ana, kungoti pamalo pa nambala imodzi pali zw, motero imafika pa 1/(1 − zw) malinga |z| kuchulukitsa ndi |w|, kutanthauza kukula kwa z ndi kukula kwa w, sikukwana 1. Tsopano ikani z = 100 ndi w = 1/200. Kuchulukitsako kukupatsani theka, ndipo series ifika pa 2. Ngakhale z mutaikulitsa kufika pa miliyoni, series igwirabe ntchito mukachepetsa w mokwanira, choncho dera lake limatambalala mbali ziwiri mopanda malire, ndipo palibe mpira umene ungalikwanire.

Series ina, yophatikiza z^m w^n zonse, imafika pa 1/((1 − z)(1 − w)) pamene |z| ndi |w| zonse zili pansi pa 1. Dera limeneli amalitcha polydisc. Pa z = w = 0.9 series ipereka 100, chonsecho malowa ali kunja kwa mpira wa radius 1, popeza |z|² kuphatikiza |w|², kapena kuti 0.81 kuphatikiza 0.81, ndi 1.62, kuposa 1. Wina angati polydisc ndi mpira wopindika chabe, koma Henri Poincaré anaonetsa mu 1907 kuti ziwirizi sizingasinthidwe china kukhala chinzake ndi function ya holomorphic yobwezeka (function ya holomorphic ndi imene ili ndi derivative pa ma complex number).

Chimene chimatsala cha bwalo lija ndi chakuti deralo limadalira kukula kwa z ndi kwa w basi, osati kumene zaloza. Madera otere amatchedwa dzina la Karl Reinhardt, amene anawafufuza mu 1921.

Pali chinthu china chimene ine ndimachiona chodabwitsa kuposa zonsezi. Friedrich Hartogs anatsimikizira mu 1906 kuti function ikakhala holomorphic pa z payokha ndiponso pa w payokha, ndiye kuti ndi holomorphic pa zonse pamodzi, ndipo ili ndi power series pafupi ndi malo alionse a dera lake. Pa nambala wamba zimenezi sizitheka nthawi zonse. Yesani xy/(x² + y²), muipatse 0 pamene x ndi y zonse ndi 0: ili ndi derivative pa x payokha ndiponso pa y payokha, komabe imaduka pakatipo, chifukwa mukayandikirapo motsata mzere wa y = 0 mupeza 0, koma mukadzera mzere wa x = y mupeza theka.