Musanagule polishi, sinthani kaye katsukidwe

Achimwene, mwati galimoto yanu yakuda yayamba kuoneka timizere tozungulira ikakhala padzuwa, ndiye mukufunsa ngati mugule polishi kapena mungopaka ceramic coating, mankhwala amene amauma n'kukhala kagawo kolimba koteteza penti. Ine ndikuti musathamangire kugula chilichonse. Timizere timeneto nthawi zambiri timabwera ndi katsukidwe, ndipo mukapanda kusintha pamenepo tibweranso, ngakhale mutapaka mankhwala odula chotani.

Penti wa magalimoto ambiri amasiku ano ali ndi magawo atatu. Pansi pali primer, penti woyambira, pakati pali mtundu weniweniwo, pamwamba pali clear coat, yemwe alibe mtundu koma ndi amene amanyezimira. Clear coat ameneyu kukhuthala kwake kumakhala cha m'ma micron 40 mpaka 50, kupyapyala kuposa pepala lolembapo. Timizere mukuonato tili mwa iyeyu. Galimoto yoyera imakandika chimodzimodzi, kungoti imabisa, pomwe yakuda imaonetsa chilichonse.

Chimene chimakanda ndi fumbi ndi timchenga. Munthu amatenga kansanza kouma m'mawa n'kupukuta boneti asananyamuke, mumtima akuti akusamalira galimoto, pomwe akukhulitsa mchenga pa penti. Ngati mumachita zimenezi, siyani lero lomwe. Potsuka, yambani mwathira madzi okha kuchokera padenga kutsika, dothi lambiri lichoke dzanja lisanakhudze. Kenako konzani ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo, ina ya madzi oyera. Mukatsuka chitseko chimodzi, tsukuluzani nsalu m'madzi oyerawo, ifinyeni, ndiye muiviikenso m'sopo. Mukamaliza, dzasuzumireni pansi pa ndowa yotsukuluzirayo. Matope amene akhazikika pansipo ndi amene akanabwerera pa penti wanu.

Nsalu ikhale ya microfibre, osati tisheti yakale, chifukwa ulusi wake umakokera mchenga mkati m'malo mouguguza pamwamba. Ikagwa pansi, yatha ntchito mpaka muichape. Matayala ndi marimu akhale ndi nsalu yawoyawo, popeza fumbi la mabuleki lili ndi tizitsulo. Sopo akhale wopangira galimoto. Wotsukira mbale ndi waufa wochapira zovala amachotsa wax, mankhwala opaka pamwamba oteteza ndi kuwalitsa penti. Ndipo tsukirani pamthunzi galimoto itazizira, n'kuipukuta madzi asanaume okha, apo ayi amasiya timadontho toyera ta calcium ndi magnesium tovuta kuchotsa.

Zitosi za mbalame musazisekerere. Zili ndi asidi, ndipo padzuwa lotentha zimatha kudinda chipsera mu clear coat tsiku lisanathe. Ikanipo nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo kuti zifewe, kenako muzinyamule, osakhula. Utomoni wa mitengo nawo sufuna kuchedwa.

Tsopano za timizere tomwe tilipo kale. Pitani chikhadabo pang'onopang'ono modutsa pokandikapo. Chikakodwa, ndiye kuti pazama, polishi sangapachotse, pakufunika penti wothira pamalo pomwepo kapena mmisiri wopopera. Chikangodutsa osamva kanthu, polishi angathandize. Koma mumvetse chimene polishi amachita: sawonjezera kanthu pa galimoto, amapala clear coat pang'ono kuti pamwamba pafanane ndi pansi pa mzerewo. Compound, yemwe ali ngati polishi koma wokhakhala, amapala kwambiri kuposa polishi. Clear coat akatha sabwerera, n'chifukwa chake ine sindigwirizana ndi zomapolisha mwezi ndi mwezi. Kamodzi pa chaka n'kokwanira, ndipo ngati mukutsuka bwino mwina simungafunenso.

Musanapolishe, tsukani galimoto, iume, ndiye mulowetse dzanja m'kathumba kapulasitiki kopyapyala n'kusisita padenga mofatsa. Mukamva timiyalamiyala, ndi zinthu zomatirira zomwe sopo sachotsa, monga phula la mumsewu ndi fumbi la zitsulo. Zimenezi zimachoka ndi clay bar, kachibulu kofewa konga dongo kokhulira pa penti, koma pamalo pamene mukukhulapo pazikhala ponyowa ndi poterera nthawi zonse. Mukapolisha zikadalipo, muziguguza ndi kuwonjezera mizere ina. Yambani ndi polishi wofatsa pa kamalo kakang'ono, muone zotsatira, kenako mupitirize chigawo ndi chigawo. Ngati mukufuna makina opolishira, woyamba kumene atenge a dual action, amene amazungulira uku akugwedezeka. A rotary, amene amangozungulira basi, amatenthetsa penti msanga, makamaka m'mphepete mwa zitseko ndi m'makona momwe penti amakhala wochepa. Nsalu ikayamba kutenga mtundu wa galimoto, imani. Mwina penti wanu ndi wakale wopanda clear coat, kapena mwamuboola.

Choteteza chimabwera pomaliza. Wax wa carnauba, wochokera ku masamba a mtengo wina wa mgwalangwa wa ku Brazil, amawalitsa bwino galimoto yakuda, koma amatha pakapita masabata angapo kapena miyezi iwiri itatu. Sealant, yemwe ndi wopangidwa m'fakitale, amakhalitsa pafupifupi theka la chaka. Ceramic coating atha kukhala zaka ziwiri kapena kuposerapo ndipo dothi silimatirira kwambiri, koma satchinga miyala yothamanga mumsewu, komanso sachotsa mizere. Mukamupaka pa penti wokandika, mwatsekera mizereyo mkati, ndipo akauma molakwika amachoka ndi kupolisha basi. Kwa munthu amene akuyamba kumene kunyumba, ine ndingasankhe sealant. Pakani wochepa kwambiri, dikirani nthawi imene yalembedwa pabotolo, pukutani ndi nsalu yoyera.

Kuti mudziwe ngati choteteza chimene munapaka chikadalipo, thirani madzi pa boneti mutatsuka. Akamaundana timibulu n'kutsetsereka, chitetezo chilipo. Akangoyala osasuntha, yakwana nthawi yopakanso. Ndipo ngati mumafunditsa galimoto ndi kavala, muziyamba mwaitsuka, chifukwa mphepo ikamagwedeza kavalayo pamwamba pa fumbi, imakanda penti usiku wonse.